Masamba Asanu Amene Ndinakulungira Usipa

Malindi, Mangochi.
Lachitatu, 22 Ogasiti 1984.

Okondedwa achemwali anga a Enid,

Landirani moni wochokera kwa ine mng'ono wanu Dorika. Kodi muli bwanji kumeneko ku Bangwe, inu, alamu ndi ana onse? Mwendo uja unkakuvutani pa Pasaka unaphwa? Kuno m'thupi tili bwino, kungoti chimfine cha mwera chalowa nyumba iliyonse. Koma mumtima, achemwali, ine sindili bwino ngakhale pang'ono.

Musanapitirire ndi kalatayi, dzukani pamene mwakhalapo. Pitani pamene munasunga usipa uja ndinakutumizirani Lachisanu lapitali. Usipawo idyani, gawirani anzanu, chitani nawo zimene mukufuna. Koma mapepala amene ndinakulungirawo, masamba asanu a m'kope olembedwa ndi pensulo, muwachotse bwinobwino muwaike pansi pa zovala m'sutikesi. Musayatsire mbaula. Ana asapite nawo kuchimbudzi. Mukatero bwererani mudzawerenge zotsalazi, mumve chimene ndachita.

Kalatayi sindinaiponye kupositi. Mukudziwa kuti masiku ano kalata imawerengedwa ndi anthu ambiri isanafike kwa mwini wake. Ndawapatsira Che Mustapha, dalaivala wa lole ya nsomba, omwe aja anakubweretserani phukusi. Iwo amawerenga zilembo za kumadarasa zokha, ndiye sakudziwa chimene anyamula. Mukamaliza muiwotche. Iyi yokha ndiyo muwotche, osati enawo ayi.

Mukukumbuka kuti alamu anu a Jeremiya, bambo a Marko, kale ankalemba ndakatulo. Tsiku lotsekera sukulu ana ankalakatula zawo, makolo n'kumaomba m'manja. Koma chimwalirireni Marko ndi chikuku chija, zaka zitatu tsopano, sanalembenso kanthu kupatula za pabolodi. Amapita kusukulu, kubwera, kudya pang'ono, kuthokoza, kugona. Dzina la mwanayo sanalitchulepo. Amandiitana kuti amake Marko, inde, koma limenelo ndi dzina langa, si la mwana.

Sukulu itatsekedwa mwezi wathawu, anagula kope latsopano ndi pensulo ziwiri. Anati tchuthi cha nyengo yozizira n'chachitali, ayesenso. Sabata yoyamba ankakhala pakhonde atafunda bulangete, kuyambira m'mawa mpaka dzuwa pamutu. Kulemba mzere umodzi, kuukhwatcha. Kulemba wina, kuukhwatcha. Pensulo imodzi anaisongola mpaka inatsala ngati chala changa chaching'ono.

Tsiku lina anakwera phiri la kuseri kwa mishoni, akuti mwina akaona dziko lonse ali pamwamba mawu abwera. Anabwerako ndi chisoso thalauza lonse ndi chifuwa. Tsiku lina anakakhala m'tchalitchi okhaokha, anabwerako akuti mwangodzaza mileme. Anayesa kudzuka m'bandakucha, anayesa kumwa tiyi wopanda shuga monga anawalangizira mphunzitsi mnzawo. Zonsezo osathandiza.

Ine ndinawauza kuti angosiya, ndakatulo si ndiwo. Anamwetulira pang'ono, anati amake Marko, mukunena zoona, koma pakhosi panga pali kanthu kamene sikatsika ndi madzi.

Kenako mwera unakula. Masiku asanu ndi atatu palibe bwato limene linalowa m'madzi. Asodzi ankangokhala kuseri kwa mpanda wa bango kugombe, kubisala mphepo, akusoka maukonde awo. Bambo a Marko anayamba kupita kumeneko chifukwa chosowa chochita. Che Bakali mukuwakumbuka, a diso limodzi lotuwa, aja ankasodza ndi malemu bambo athu? Iwowo ndiwo anawaputa. Akuti anati, mwalimu, manja amenewo ndi anu kapena munabwereka kwa choko? Tagwirani apa. N'kuwapatsa singano ya ukonde ndi bowo loti mbuzi n'kudutsapo.

Alamu anu anayambira pakati pa bowo, ulusi n'kumangolendewera. Asodzi anaseka mpaka kutsokomola. Che Bakali anati, ha, anthu ophunzira inu! Pabowo palibe chogwira. Fufuzani m'mbalimu mpaka mupeze mfundo yomaliza imene sinaduke, mumange pamenepo, bowo lizitsekeka lokha mukamapita.

Tsiku limenelo atafika kunyumba sanakhale n'komwe pansi. Anandifunsa kumene ndinaika juzi ya Marko, yofiira ija munamulukira inu. Ndinati ili pansi penipeni m'sutikesi. Anaitulutsa, anaiyala patebulo, anaiyang'ana nthawi yaitali, kenako anatenga kope. Achemwali, analemba mpaka chakudya chinazizira. Mawa lake chimodzimodzi. M'mawa kugombe kukasoka, masana kunyumba kulemba. Zala zawo zinachita matuza, koma anayamba kudya ngati munthu. Tsiku lina ndinawamva akuimba mluzu posamba. Ndinaima ndi ndowa pamutu, osakhulupirira.

Mkazi wanzeru akanagwada n'kuthokoza Mulungu. Koma ine mukundidziwa. Amayi ankanena kuti Dorika akaona mtambo ku Mozambiki amayamba kuanula ufa ku Malindi.

Ndinayamba kudzifunsa kuti amuna akakhala pagulu osasodza amakambirana chiyani. Tsiku lina ndinawapititsira mbatata yophika kugombeko. Ndinapeza Che Bakali akudandaula kuti anawabweza pamlatho wa ku Mangochi chifukwa anaiwala khadi la chipani m'malaya ena. Anati posachedwapa ndi chambo chomwe azichifunsa khadi chisanalowe mu ukonde. Onse anaseka, alamu anu nawonso anaseka. Masana omwewo analemba masamba awiri osadzutsa mutu.

Ndinakumbukira mphunzitsi uja wa ku Katuli amene anadzamutenga pa galimoto chaka chatha chifukwa cha zolembalemba. Mpaka lero mkazi wake akugulitsa nkhuni, sakudziwa ngati ndi wamasiye kapena ayi. Ndikamva galimoto pamsewu ndinkasiya chimene ndagwira. Ndikaona ayufi akudutsa ndinkati akuyang'ana khonde lathu.

Mundifunsa kuti nanga bwanji sunawerenge? Kuwerenga ndimatha, pang'onopang'ono, ndi Sitandade 3 yanga ija. Koma ndinkati ndikawerenga ndidziwa, ndipo ndikadziwa, akadzandifunsa ndidzanena, pakuti ine munthu akangondikwezera mawu ndimaulula ndi zimene sanafunse zomwe. Ndinati bola ndisadziwe. Kuwafunsa eni ake ndinaopanso, ndinati mluzu uja ungasiye.

Lachinayi lapitali anapita ku Mpondasi kumsonkhano wa mpingo, woti akagone masiku awiri. Kope analisiya m'sutikesi, pamwamba pa juzi.

Ndinalitulutsa kuti ndiliwotche. Koma khitchini timaphikira limodzi ndi akazi a ahedi, ndipo iwo utsi wa pepala amaudziwa, akanafunsa. Ndinaganiza zoliponya m'chimbudzi, koma ndinati nanga mwina muli dzina la Mulungu? Ndinaganiza za nyanja, koma mwera umabweza chilichonse kugombe, pamapazi pa anthu. Ndinazungulira nalo nyumba lili m'chitenje ngati nkhuku yosowa poikira.

Ndiye ndinaona lichero langa la usipa. Zaka zonsezi pamsika ndimakulungira usipa m'makope akale a ana asukulu amene bambo a Marko amandipatsa. Ndani anawerengapo pepala la usipa? Munthu amakhuthulira mumphika, pepala n'kuponya pamoto. Ndinati basi, anthu andiwotchera okha, nyumba ndi nyumba, popanda wondifunsa. Ndinadziona wochenjera, achemwali.

Masamba asanu ndi awiri oyamba anali okhwatchakhwatcha aja a masiku amene mawu ankakana, ndinawasiya. Ndinayambira pa tsamba 8. Alamu anu ndi mphunzitsi mpaka m'mafupa. Tsamba lililonse analilemba nambala pakona, deti pamwamba, dzina lawo pansi. Zimenezo ndinaziona ndi maso angawa, koma mutu wanga sunaime.

Lachinayi ndi Lachisanu ndinakulungira ogula asanu ndi mmodzi, aliyense tsamba lake. Che Mustapha atatuluka kumzikiti Lachisanu masana, ndinati ndikutumizireniko ndiwo, ndiye ndinang'ambanso asanu. Ndinati amenewa apite kutali kwenikweni. Otsalawo ndinati ndimaliza Loweruka.

Koma Loweruka alamu anu anafika m'mawa, anapeza wowakweza panjira. Analowa akufulumira, akuti mawu ena awapeza ali pamlatho, akufuna awalembe asanathawe. Anatsegula sutikesi. Ine ndinali pakhomo ndi tsache m'manja.

Sanakalipe. Ndikanakonda akanakalipa. Anafunsa ngati kunabwera ayufi. Ndinati ayi. Anafunsa ngati ndi mbewa. Ndinagwada n'kunena zonse, za khadi, za mphunzitsi wa ku Katuli, za usipa. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Kenako anafunsa funso limodzi lokha, anati amake Marko, munawerenga? Ndinati ayi. Anati mukanawerenga kenako n'kung'amba, ndikanati mwina ndakatulo zake n'zoipa, mkazi wanga wandithandiza. Anatseka kope, n'kukakhala pakhonde mmene ankakhalira kale, manja ali pamaondo. Tsiku limenelo sanadye.

Pamenepo ndinachita cholakwa chachiwiri, choposa choyamba. Ndinathamanga.

Ogula anga ndimawadziwa onse. Ndinayenda khomo ndi khomo, patapata anaduka panjira ndinangowasiya pomwepo. Mayi wina anali atalitsomeka padenga la khitchini. Wina anali atatsekera botolo la parafini. Wina tinakalitola limodzi kudzala, nkhuku zikupalasa. Che Ajira, akazi awo a Che Bakali, anali atayatsira kale moto, koma linangopsa theka, nambala yake ikuoneka. Anandiseka, anati mwali, usipa wako unali wowola kodi, kuti ukutolera umboni? Pofika madzulo ndinali ndi asanu.

Linatsala limodzi, tsamba 9. Limenelo ndinakulungira mayi Jenkins, akazi a wapampando wa nthambi yathu ya chipani.

Munthu woganiza akanalisiya limenelo, mwina likanapsa lokha. Ine ndinapita Lamulungu titatuluka m'tchalitchi. Ndinawapeza ali ndi amayi ena asanu akukonza nyimbo zokavina. Ndinati ndikufuna pepala lija ndinakulungira usipa. Anati pepala? Ndinati inde, ndikupatsani usipa wina, lichero lonse. Achemwali, ndani amapereka lichero la usipa chifukwa cha pepala? Ndinaona amayi aja akuyang'anana. Kenako misozi inangoyamba yokha.

Mayi Jenkins analowa m'nyumba, anatuluka nalo. Koma m'malo mondipatsa anayamba kuliwongola pabondo. Anati mayi aphunzitsi, dikirani kaye bambo abwere alione, poti likuoneka kuti ndi lofunika.

Lolemba a Jenkins, wapampandoyo, anafika kunyumba. Sanabwere ndi ukali. Mukuwadziwa, munkaimba nawo kwaya, munthu woseka ndi aliyense. Anakhala pampando, ndinawapatsa tiyi. Anati aphunzitsi, za mwera mwalemba bwino, ndinawerenga mpaka ndinaitanitsa bulangete. Anatulutsa tsambalo m'thumba n'kuliwerenga mokweza. Linali la mphepo basi, mmene imalowera pansi pa chitseko n'kumafufuza m'zipinda.

Kenako anasiya kuseka. Anati ine pano sindikuonapo vuto. Koma mkazi sathamanga mudzi wonse wopanda nsapato chifukwa cha mphepo. Amayi asanu anaona misozi ija, ndipo mmodzi ndi mlongo wake wa mkulu wa ayufi. Nkhani ili kale pamsika, akuti mphunzitsi walemba zinthu zimene mkazi wake akuzibisa.

Anati Lachisanu la sabata yamawa, pa 31, akuluakulu a chipani ochokera kuboma akubwera kudzayendera nthambi yathu. Anati mundibweretsere kope lonse Lachinayi, tsamba ndi tsamba, nambala ndi nambala, ndiliwerenge pamodzi ndi mlembi wanga. Ngati ndi za mphepo zokhazokha, ndidzaimirira pamsonkhano n'kunena kuti ndaona ndi maso anga, nkhani ithere pompo. Koma pakasowa tsamba, anthu adzati pamenepo ndiye panali nkhani, ndipo ine sindingakhale chete, aphunzitsi, nanenso ndili ndi ana. Ndinaona kuti nawonso ali ndi mantha ngati ine.

Ndinati nanga bambo a Marko atangolembanso asanu osowawo? A Jenkins anapukusa mutu, anati mong'ambika muyenera kugwirizana ndi zotsalira m'kopemo, mlembi adzayamba kuyang'ana zimenezo. Alamu anu nawonso anati mawu omwewo sabwera kawiri, ndipo iwo sanganame kuti ndi omwewo.

Atachoka, alamu anu anatenga simbi ya makala, anasita masamba amene ndinatolera aja limodzilimodzi, nyumba yonse kununkha usipa. Dzulo m'mawa Che Bakali anabwera ndi ulusi wa ukonde. Awiriwo anasokerera masambawo m'kope, n'kusiya mpata pa osowawo. Che Bakali anapepesa chifukwa cha pakamwa pawo, anati za chambo zija zinali nthabwala chabe, Mulungu ndi mboni. Kenako anandiyang'ana ndi diso lawo limodzi lija, anati mama, maukonde ndasoka ambiri, koma bowo ili lokha sindingalitseke, ulusi wake uli ku Limbe.

Iwo atapita, bambo a Marko anaika kope pamiyendo panga. Anati werengani. Ndinati ndikuopa. Anati mwaopa mokwanira, werengani.

Ndinawerenga masana onse, chala chili pamzere.

Achemwali, mulibe chipani. Mulibe khadi, mulibe boma. Muli Marko kuyambira tsamba 8 mpaka kumapeto. Anayambira pa mfundo yomaliza imene sinaduke, monga anawauzira Che Bakali. Anayambira pa tsiku lomaliza limene mwanayo anali bwino, m'mawa wozizira ngati uno, atavala juzi yanu ija motembenuza, akuthamangitsa abakha a ahedi. Ine tsiku limenelo ndinali nditaliiwala. Ndimangokumbukira zidzolo ndi maso ofiira. Iwo anakumbukira mpaka mbatata imene mwanayo anaigwetsa mumchenga n'kuipukuta pamimba.

Ndikukopereni pang'ono kuti mukhulupirire:

Juzi yako yasunga zigongono zako,
yapindika pamene unkapindika.
Mwera ukagogoda ine ndimadzuka,
ndimati mwina waiwala kuvala.

Masamba awiri aja analemba tsiku la nthabwala ya khadi, amene ndinawaopa koposa onse, ndi a tsiku limene bambo ake anamuphunzitsa Marko kuimba mluzu. Limodzi mwa amenewo ndi lija anthu anatsekera botolo la parafini.

Tsopano ndinene chimene sindinauzepo munthu, ngakhale inu pamaliro paja. Marko atadwala, bambo ake anali ku Zomba kuchonga mayeso. Ine ndinamutsekera m'nyumba masiku atatu, monga amatiuzira akuluakulu kuti wachikuku asaombedwe ndi mphepo. Chipatala chili pafupi pomwepa, poti munthu n'kufika madzi asanawire pamoto, koma ndinaopa mwera wa panjira. Pamene ndinkamubereka tsiku lachinayi, chifuwa chinali chitatseka kale. Zaka zitatu zonsezi ndakhala ndikudziuza kuti kukhala chete kwa alamu anu ndi mlandu wanga, kuti akudziwa, akungondisunga chifukwa cha ukwati wa mutchalitchi.

Pansi penipeni pa tsamba 13 pali dzina langa. Osati amake Marko. Dorika, monga ankandiitanira tisanakwatirane. Mizere yake ndi iwiri:

Dorika, masiku atatu aja unatseka zitseko,
unatsekera ndi nsanza ming'alu ya zenera,

Pamenepo tsamba latha. Zotsatira zili pa 14. Tsamba 14 lili kwanu, lakulunga usipa.

Ndinawapempha kuti andiuze ndi pakamwa. Anati amake Marko, zaka zitatu ndayesa ndi pakamwa zakanika, n'chifukwa chake ndinagula kope. Sananene mwaukali.

Lero ali pakhonde pomwepo pamene ndikulemba ino. Pensulo ili m'thumba la malaya, sanaigwire chiyambire Loweruka. Mawu aja anawapeza pamlatho ndinawafunsa, akuti anathawa. Che Bakali atumiza uthenga kawiri kuti abwere kudzasoka, sanapite. Ahedi amene ankabwera kudzacheza madzulo alionse tsopano amangokweza dzanja ali patali.

Ndiye ndikupempheni, achemwali, ndagwada. Che Mustapha anyamuka mawa m'mawa. Akhala pamsika wa nsomba ku Limbe mpaka Lolemba, kuno afika Lachiwiri ngati lole siifa panjira. Musadikire Lolemba, pitani tsiku lomwelo mwalandira kalatayi. Masambawo ndi 14, 15, 16, 17 ndi 18. Muwawerenge kawiri. Muwapinde kamodzi kokha, muwaike m'kachitini kotseka bwino, muwauze kuti ndi mankhwala a chifuwa. Musatume munthu, muwapatse m'manja nokha.

Musawapukute ndi madzi ngakhale anunkhe bwanji, pensulo ingafufutike. Musadule mong'ambikamo kuti muoneke bwino, mong'ambikamo ndimo muli moyo wa alamu anu. Ngati lina lapsa theka, tumizani thekalo. Ngati ana analing'amba, tolerani tizidutswa tonse, kuno tidzalumikiza ndi phala.

Ngati munayatsira kale moto, musandibisire, ndipo musadziimbe mlandu, pakuti ndimo ndinkafunira ineyo. Mungowapatsa Che Mustapha chingwe chija ndinamangira phukusi, chokhachokha, ndikachiona ndidzadziwa. Zikatero Lachinayi ndidzapita ndekha kwa a Jenkins, ndipo Lachisanu ndidzaimirira pamaso pa akuluakulu a kubomawo. Ndidzanena kuti wong'amba ndine, kuti otsalawo ndawerenga onse, afunse tsamba lililonse ndiyankha. Ine amene ndimanjenjemera akangonditchula kuti nditsekere pemphero kumsonkhano wa amayi. Sindikudziwa ngati adzandimvera. Mwina adzatenga iwo, mwina tonse awiri. Bambo a Marko sindinawauze zimenezi.

Chinthu chomaliza. Ndikudziwa kuti mukawachotsa mu usipamo muwerenga, ndipo 14 muyamba kuliona ndinu ine ndisanalione. Ndimakudziwani, kuyambira tili ana mumandibisira zowawa. Ulendo uno musandisankhire. Ngati likunena kuti ndine ndinapha mwana, tumizanibe. Likasowa limenelo lokha, amutenga munthu. Bola akhale pakhonde pano akundiimba mlandu, ndizimuona, ndizimupatsa madzi osamba.

Mundiperekere moni kwa alamu, koma musawauze zambiri. Moninso kwa Mabel ndi Paulo, muwauze kuti mayi awo aang'ono adzawatumizira usipa wina mwera ukaleka, wokulunga m'masamba a nthochi. Mulungu wa amayi athu akusungeni, asunge ndi mbaula yanu kuti ikhale isanalawe mapepala anga. Mutipempherere mpaka Lachiwiri.

Ndine mng'ono wanu wosagona tulo,
Dorika, amake Marko.